Phunziro la Zaumoyo: Chitetezo cha M'thupi Chikapitirira Muyeso

Amayi anzathu, ambirife tinamva za asilikali a m'thupi pa maphunziro a Edzi, pamene tinkauzidwa kuti chitetezo chikatsika munthu amadwaladwala. Mwezi uno tiyeni tione mbali inayo. Chitetezo chomwecho chikalusa mopitirira muyeso chimadwalitsanso, mwinanso kupha kumene.

Munga ukatilasa kuphazi, malowo amafiira, amatentha, amatupa ndi kuwawa. Zizindikiro zinayizi anazilemba kale Celsus wa ku Roma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Pansi pa khungu pali timaselo tolondera totchedwa mast cells. Pakavulala timatulutsa mankhwala otchedwa histamine, amene amakulitsa timitsempha ta magazi. Magazi akachuluka pamalopo ndi pamene pamafiira ndi kutentha. Timitsemphato timayambanso kukha madzi, ndiye kutupa kuja, ndipo maselo oyera a m'magazi amatulukira pomwepo kukalimbana ndi tizilombo. Mafinya a pachithupsa, ambiri ndi asilikali amene afera pankhondoyo. Kutupa kotereku n'kotithandiza.

Vuto limabwera asilikali akaukira chinthu chosalakwa. Chitedze chimayabwa aliyense, sichisankha. Koma mtedza, mazira, nsomba kapena fumbi la m'nyumba zimavutitsa anthu ena okha. Dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, ndiye anatcha vutoli allergy mu 1906. Munthu wotere akakumana ndi chinthucho koyamba samva kanthu, koma thupi limapanga mwakachetechete zida zotchedwa IgE, zomwe zimakamatirira pa alonda aja. Akadzakumana nacho tsiku lina, alondawo amakhuthula histamine nthawi imodzi. Tsono mawu akuti "koma anadyapo kale osadwala" asamatinamize. Zikachitikira m'mphuno munthu amangoyetsemula, pakhungu amatuluka ziwengo zoyabwa, m'chifuwa timipaipi ta mpweya timapanikizika n'kuyambitsa mphumu. Si ufiti, ndipo sizipatsirana, ngakhale zimakonda kuyenda kumtundu.

Choopsa ndi pamene thupi lonse laukira pamodzi, zomwe achipatala amati anaphylaxis. Zimatha kuyamba pa mphindi zochepa munthu atalumidwa ndi njuchi, atadya chakudya china, kapena atabayidwa penisilini. Milomo ndi lilime zimatupa, mawu amasasa, kupuma kumavuta, ndipo amachita chizungulire chifukwa kuthamanga kwa magazi kwatsika. Apa Piriton sakwanira, amachedwa. Chopulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline, choncho tifune galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo, osadikira kuti bambo abwere kuchokera kumunda. Wodwalayo timugoneke ndi kukweza miyendo yake. Ngati akubanika, akhale tsonga. Asaimirire, asayende, ndipo tisamumwetse kanthu.

Palinso ukali wina wochedwa, wochokera kwa asilikali a mtundu wina otchedwa T cells. Mayi amavala ndolo zachitsulo kapena kudaya tsitsi Loweruka, kenaka Lolemba kapena Lachiwiri makutu kapena pamutu payamba kuyabwa ndi kutuluka timatuza. Popeza padutsa masiku, amaiwala ndolo n'kumanamizira sopo.

Pa mankhwala ndiye tisamalitse. Bactrim ndi Fansidar, amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo, onse ali m'gulu la sulfa. Anthu ochuluka zedi amamwa popanda vuto, ndipo tisawathawe. Koma mwa apo ndi apo, patatha masiku angapo kapena masabata, wina amatentha thupi, maso amafiira, m'kamwa mumatuluka zilonda, khungu n'kumasupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Matendawa amatchedwa Stevens-Johnson, maina a madokotala awiri a ku America amene anawafotokoza mu 1922. Tikaona zilonda za m'kamwa pamodzi ndi zotupa pakhungu kwa munthu amene wayamba mankhwala atsopano, asamwenso, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula mankhwalawo.

Akachira, tipemphe adokotala alembe dzina la mankhwalawo pachikuto cha kabuku kake ka kuchipatala, ndipo apabanja onse alidziwe, poti tsiku lina angadzafike kuchipatala asakuyankhula. Chizolowezi chathu chija chogawana mapiritsi otsala poyendera odwala, ngakhale timachita mwachifundo, tichileke, chifukwa amene anachiritsa ife akhoza kukhala omwe thupi la mnzathu linawakana kale.