Opereka uphungu m'madera mwathu: maphunziro a masiku ochepa sakwanira

Anthu ambiri m'boma lathu amakumana ndi wopereka uphungu pa nthawi yowawitsa m'moyo wawo. Wina amakhala akudikira zotsatira za magazi ku chipatala cha boma kapena ku St Anne's. Wina ndi mayi amene wafika ku polisi atachitidwa nkhanza m'banja. Ena ndi mabanja amene agona m'kampu madzi atawakokololera nyumba, monga zinachitikira anthu zikwizikwi a kwa Kanyenda mtsinje wa Dwangwa utasefukira mu February 2024. Pa nthawi zotere, mawu a munthu amene wakhala pansi kuti akumvereni akhoza kukulimbitsani mtima kapena kukuthawitsani, osadzabwereranso ku chithandizo. N'chifukwa chake funso loti opereka uphungu amaphunzitsidwa motani likukhudza wodi iliyonse. Tikunena za khansala wa kuchipatala ndi wa m'mudzi, osati khansala amene mumamusankha pa chisankho.

Kodi munthu wamba angathe ntchitoyi?

Akatswiri a matenda a maganizo m'dziko muno ndi ochepa. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ndipo a St John of God ali ndi zipatala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Msodzi wa ku Chia kapena wodula nzimbe wa ku Dwangwa sangayende mtunda wonsewo nthawi iliyonse pamene maganizo amulemera. Vuto lotere lili m'mayiko ambiri, ndipo lakakamiza ofufuza kuyesa ngati anthu wamba angaphunzitsidwe kupereka uphungu wothandiza.

Yankho lodziwika bwino linachokera ku Zimbabwe. Mu 2006, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Iye anaphunzitsa amayi achikulire ogwira ntchito zaumoyo m'madera kuti azikhala pa benchi kuseri kwa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopitirira muyeso. Mu 2016 zotsatira za kafukufuku wa ntchitoyi zinasindikizidwa. Anthu 573 a m'zipatala 24 anagawidwa m'magulu awiri: ena anakumana ndi agogowo kufikira kasanu ndi kamodzi, ena analandira chisamaliro cha nthawi zonse. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, pa anthu 100 alionse amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene m'gulu linalo anali pafupifupi 50. Njira yomweyi yayesedwanso kuno ku Malawi, m'zipatala zina za ku Lilongwe, pakati pa anthu olandira ma ARV.

Ku Pakistan nako, kafukufuku wotsogoleredwa ndi Atif Rahman, amene anatuluka mu 2008, anakhudza amayi oyembekezera 903 odwala matenda okhumudwa. Amene anawathandiza anali amayi ogwira ntchito zaumoyo m'midzi, ofanana ndi alangizi athu a zaumoyo. Mwana atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, amayi 23 pa 100 alionse amene analandira uphungu ndiwo anali akudwalabe, poyerekeza ndi 53 a m'gulu linalo.

Chinsinsi chili pa zochitika maphunziro akatha

Wina akhoza kuwerenga zotsatirazi n'kunena kuti basi, tingosonkhanitsa anthu kwa sabata imodzi, tiwapatse masatifiketi. Kutero n'kuphonya phunziro lenileni. M'mayiko onse awiriwo maphunziro a m'kalasi anali a masiku ochepa, koma ophunzirawo sanasiyidwe okha. Agogo a ku Harare anali ndi owayang'anira amene ankakambirana nawo nkhani zovuta ndi kulandira odwala amene vuto lawo linali lalikulu. Amayi a ku Pakistan ankakumana ndi owaphunzitsa mwezi uliwonse kuti afotokoze zomwe akumana nazo ndi kuwongoleredwa.

Kafukufuku wina wa ku America, wa William Miller ndi anzake mu 2004, anayesa mfundo yomweyi mwachindunji. Akatswiri 140 othandiza anthu oledzera ndi ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo anaphunzitsidwa njira yatsopano yolankhulira ndi odwala. Amene anangochita maphunziro a masiku awiri anaoneka kuti agwira bwino, koma patatha miyezi inayi luso lambiri linali litazilala. Amene anapitiriza kumvetseredwa pa ntchito ndi kuuzidwa mokonza ndiwo analisunga. Ngati luso limathawa akatswiri a madigiri, nanga bwanji wodzipereka wa m'mudzi amene alibe womufunsa? Msodzi aliyense amadziwa kuti ukonde, ngakhale ukhale watsopano, umasokedwa kawirikawiri, apo ayi nsomba zimapulumukira m'mabowo.

Kudziwa ndi kuchita ndi zinthu ziwiri

Ofufuza apezanso kuti kukhoza mayeso olemba sikutsimikizira kuti munthu adzalankhula bwino ndi wovutika. Munthu akhoza kulemba molondola kuti wopereka uphungu saweruza, koma mtsikana akamuuza kuti anagona ndi msodzi kuti apeze usipa wokagulitsa, nkhope yake n'kusintha, n'kuyamba kulalikira. Pa chifukwa chimenechi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi UNICEF anakhazikitsa njira yotchedwa EQUIP, imene imayesa ophunzira kudzera m'sewero: wina amakhala ngati wodwala, wophunzira amamuthandiza, ndipo woyesa amaona zomwe zikuchitika. Woyesayo amayang'ana ngati wophunzira akumvetsera osadula mawu, ngati wafotokoza za kusunga chinsinsi, ngati akufunsa modekha za maganizo ofuna kudzipha, ndiponso ngati sakunyoza kapena kuopseza. Cholinga choyamba n'kuchotsa makhalidwe amene angavulaze munthu wofuna thandizo.

Apa pali kusiyana ndi ulangizi umene tinauzolowera. Anankungwi, ankhoswe, azibusa ndi mashehe akhala akulangiza anthu kuyambira kale, ndipo ntchito yawo ndi yolemekezeka. Komabe mlangizi wa mwambo kawirikawiri amauza munthu chochita, pamene wopereka uphungu wophunzitsidwa amathandiza munthuyo kutchula mavuto ake, kusankha limodzi loyamba nalo, ndi kupeza yekha njira imene angaikwanitse. Kusiya chizolowezi cholamula n'kuphunzira kumvetsera kumatenga nthawi, ndipo n'chifukwa china chimene kuyang'aniridwa kuli kofunika.

Woyang'anira amatetezanso wopereka uphungu mwini. Kumva za imfa, nkhanza ndi ngongole tsiku ndi tsiku kumalemetsa mtima, ndipo amene alibe kotula amatopa, amayamba ukali, kenako amasiya.

Udindo wa makomiti ndi anthu a m'wodi

Mabungwe akabwera ndi maphunziro a uphungu, mayina a okaphunzira nthawi zambiri amadutsa kwa mafumu ndi m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. M'mera m'poyamba. Sankhani munthu wodekha, wosunga chinsinsi, wokhazikika m'mudzimo, amene anthu amapita kale kwa iye akakhala ndi nkhawa. Kusankha wachibale chifukwa cha alawansi kumasiya mudzi ndi satifiketi yopachikidwa pakhoma, popanda wothandiza. Kumadoko, kumene asodzi amabwera ndi kuchoka motsatira nsomba, ganiziraninso za anthu a m'makomiti a padoko amene asodzi amawakhulupirira.

Komiti isanavomereze ntchito yotere, ifunse mafunso awa. Maphunziro akatha, ndani adzayendera ophunzirawo, ndipo kangati? Kodi ndalama za maulendo amenewo zilipo m'ndondomeko? Kodi ophunzira adzayesedwa pochita, kapena polemba pokha? Munthu wofuna kudzipha, mwana wogwiriridwa kapena wodwala misala adzatumizidwa kwa yani? Nanga bungwe likadzachoka, ntchitoyi idzatsala m'manja mwa ofesi iti ya khonsolo, ya zaumoyo kapena ya chisamaliro cha anthu?

Inunso amene mukulandira uphungu muli ndi zoyenera kuyembekezera: malo oduka mphepo, kumvetseredwa popanda kunyozedwa, kuuzidwa poyambirira nkhani zimene sizingasungidwe mwachinsinsi chifukwa moyo wa munthu uli pangozi, ndi kutumizidwa kwa wodziwa zambiri vuto likakula. Zikapanda kutero, kadziwitseni woyang'anira chipatalacho kapena komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu.

Kwa achinyamata amene ali ndi satifiketi ya MSCE ndipo ntchitoyi ili pamtima pawo, sukulu ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa uphungu. Boma lathu likufunika anthu otere, pakuti ndiwo angadzakhale oyang'anira odzipereka a m'midzi. Pa msonkhano wotsatira wa VDC yanu, werengani anthu a m'dera lanu amene anaphunzirapo uphungu, ndipo mufunse aliyense kuti anayenderedwa liti komaliza.