Kukhazika Mtima Pansi

Mwezi wa Meyi uliwonse, ana a Year 6 m'sukulu za ku Peckham amalemba mayeso a SATs. Ena tulo sitibwera usiku wonse. Akakhala pa desiki, mtima umagunda ngati ng'oma ndipo manja amachita thukuta. Mantha ndiwo amachititsa thupi kutulutsa timadzi totchedwa adrenaline, timene timathamangitsa mtima. Zikatero, ngakhale samu yozolowereka imaiwalika.

Mankhwala ake ndi mpweya. Mwana aike dzanja pamimba, akoke mpweya ndi mphuno uku akuwerenga chamumtima mpaka 4. Kenako autulutsire pakamwa pang'onopang'ono mpaka 6, monga amachitira pouzira phala lotentha. Kutulutsako ndiko kofunika kwambiri, pakuti ndiko kumachepetsa liwiro la mtima. Akabwereza kasanu, mutu umayambanso kugwira ntchito, ndipo mnzake woyandikana naye sadziwa n'komwe.

Kunyumba mtima ukapsa, kukawongola miyendo ndi makolo ku Peckham Rye kapena ku Burgess Park kumauziziritsa. Koma nkhawa ikakana kuchoka, mwana asaibise. Auze makolo kapena aphunzitsi, apo ayi aimbire Childline kwaulere pa 0800 1111.

Mafunso
1. Kodi adrenaline amachita chiyani m'thupi?
2. N'chifukwa chiyani mpweya uyenera kutuluka pang'onopang'ono?