Silinda ya Thirakitala Ikayamba Kudontha Oyilo: Mafunso ndi Mayankho

Kwa inu akuluakulu, eni ake ndi oyendetsa mathirakitala okhala ndi chifosholo kutsogolo, amene mumanyamula manyowa, mchenga ndi matumba a mbatatesi kuyambira ku Bembeke kufikira ku Linthipe ndi ku Lobi, ife a komiti yoyang'anira zipangizo za alimi talemba kabuku aka chifukwa cha nkhawa imodzi imene yakhala ikutipeza pa msonkhano uliwonse, ndiyo yakuti silinda ikangotsegulidwa ndiye kuti yafa. Safunsa anadya phula. Tsono mwachita bwino kufunsa, ndipo ife tiyankha monga momwe tidziwira.

Kodi silinda ndi chiyani?

Ndi chitsulo chonga mtsuko wautali, chokhala ndi pisitoni m'kati ndi ndodo yonyezimira yotuluka kunja. Pampu ikakankhiramo oyilo, ndodo imatuluka, mikono ya chifosholo n'kunyamuka. Chimene chimatsekereza oyiloyo kuti asathawe ndi timphira tozungulira, timene amakaniko amati masili.

Nanga kudontha kumayamba bwanji?

Kawirikawiri chimene chatha ndi masiliwo. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limamatirira pa ndodo, ndipo sili ya kukamwa, imene ntchito yake ndi kupukuta, ikakalamba, mchenga umalowa n'kumadya zinzake. Kuno kumapiri kulinso kwake: m'mawa wa mu Juni ndi Julaye oyilo amakhala wolimba ngati uchi, mphira nazo zitauma ndi chisanu, ndipo woyendetsa amene aliza injini n'kuyamba pomwepo kunyamula katundu wolemera amazunza masili koposa. Ndodo yosiyidwa panja nyengo yonse ya dzinja imachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limacheka mphira ngati lumo.

Kodi n'zoona kuti silinda yotsegulidwa sibwereranso mwakale?

Si zoona ayi. Amene anaipanga anaipanga kuti izitsegulidwa, n'chifukwa chake anaika chotsekera cha mazinga kapena cha waya kukamwa kwake, ndiponso n'chifukwa chake masili amagulitsidwa paokha m'kapaketi. Komatu sitikutsutsa zimene maso anu anaona, pakuti alipo masilinda amene anatsegulidwa nadontha koposa kale. Ndipo tikafufuza bwino timapeza kuti wina anagwira ndodo yonyezimira ndi sipanala ya mano, wina anakolopola sili yakale ndi sikuludiraiva nakanda chitsulo, wina anayala zitsulo zonse pa dothi pansi pa mtengo tsiku la mphepo, ndipo wina, posapeza sili yoyenera, anaikamo yongofanana nayo. Chimene chinapha masilindawo ndi manja othamanga ndi litsiro. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo makaniko amene atsuka chilichonse, nadzoza masili atsopano ndi oyilo woyera, nawaika moyang'ana kumene ayenera kuyang'ana, amabweza silinda imene ingatumikire zaka zambiri, malinga ndodo ndi m'kati mwake zikhale zosakandika.

Bwanji osangowonjezera oyilo, kapena kumanga malegeni pamene pakudonthapo?

Malegeni amamanga katundu pa njinga, koma sangagwire oyilo amene m'mathirakitala ambiri amakankhidwa ndi mphamvu ya mabaa 170 kufikira 200, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabaa awiri okha ndi pang'ono. Za kuwonjezera oyilo, tikudziwa kuti nthawi yokumba mbatatesi palibe amene afuna kuimika thirakitala, ndipo kwa masiku owerengeka, kudontha kukakhala kochepa, mwina mungatero. Koma pamene oyilo atulukira ndi pomwe fumbi lilowera, ndipo fumbilo limayenda ndi oyilo kukafika ku pampu, imene mtengo wake uposa wa masili kutali. Kumbukiraninso kuti m'mathirakitala ambiri, monga a Massey Ferguson amene afala kuno, oyilo wa haidiroliki ndi yemweyo amene asambitsa magiya, kotero kuti akachepa, zovutika zimakhala zambiri. Ndipo tikupemphani, musathiremo mafuta a mabuleki a galimoto, pakuti amatupitsa mphira zonse n'kuziwononga.

Ndingapapase ndi dzanja kuti ndipeze pobowoka?

Musatero konse, ndipo pa funso ili tikupempha kuti mutimvere ngati makolo anu. Oyilo wotuluka pa kabowo konga ka singano amaboola khungu n'kulowa m'mnofu, bala lake n'kumaoneka ngati munthu wangolasidwa ndi munga, koma m'kati chala chikuwonongeka, ndipo ochedwa kupita kuchipatala ena amadulidwa chala kapena dzanja. Fufuzani ndi chidutswa cha katoni. Ngozi yotere ikagwa, musadikire kuti kuche, musathire mankhwala a kumudzi. Thamangirani ku chipatala cha boma cha Dedza, ndipo mukauze adokotala momveka kuti oyilo wa makina walowa m'thupi.

Mikono ikutsika yokha, koma oyilo sakuoneka panja. Kodi silindayo yafa?

Siyinafe. Mwina sili ya pa pisitoni yatha, oyilo n'kumadutsa m'kati momwemo. Mwinanso vuto lili mu valavu imene mumaigwedeza ndi chogwirira. Makaniko ayambe wayesa asanamasule kanthu.

Kodi zidzatidyera ndalama zingati?

Sitingalonjeze mtengo, popeza zipangizozi zimachokera kunja ndipo mitengo yake imayenda ndi kwacha. Chimene tinganene n'chakuti, ngati ndodo ili yosalala, nthawi zambiri mumalipira masili, oyilo ndi ntchito ya makaniko basi. Ngati ndodo yapindika kapena yakumbika ndi dzimbiri, mtengo ukhoza kukwera ndithu, ndipo mwina silindayo iyenera kupita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80 kuchokera pa boma la Dedza pa msewu wa M1. Popita kukagula, tengani masili akalewo ndi nambala ya silinda ngati ikuwerengeka, ndipo chenjerani ndi zotsika mtengo kwambiri, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mnzathu anasinthitsa masili, koma patangopita mwezi inayambanso kudontha. Si umboni umenewo kuti kutsegula n'kuwononga?

Dandaulo ili talilandira kangapo, ndipo tiyankhanso monga tayankhira kale. Sili yatsopano yoikidwa pa ndodo yokandika ili ngati chigamba chatsopano pa nsalu yofumbwa: siikhalitsa. Musanavomere kuti makaniko atseke, yendetsani chikhadabo chanu pa ndodo yonse, ndipo pamene chikhadabo chakodwa, pamenepo sili idzadyekanso. Funsaninso ngati oyilo wakale, wakuda kapena wotuwa ngati mkaka chifukwa cha madzi, anasinthidwa pamodzi ndi sefa yake. Sitinganene kuti ntchito iliyonse idzayenda bwino, koma zolephera zambiri zimene taziona zinali ndi chifukwa chooneka.

Kodi ndingaitsegule ndekha?

Ngati muli ndi zida ndi malo oyera, ndipo munaonererapo kwa wodziwa, mungathe. Imikani thirakitala pamalo athyathyathya, chinthu chimene kuno kwathu kotsetsereka muyenera kuchifunafuna. Tsitsani chifosholo chigunde pansi, zimitsani injini, ndipo gwedezani zogwirira uku ndi uku kuti mphamvu yotsala ithe. Munthu asalowe pansi pa mikono yonyamuka popanda chitsulo choichirikiza. Musatulutse ndodo ndi mpweya wa kompuresa, pakuti imafwamphuka ngati mpaliro. Mukabwezera, kwezani ndi kutsitsa mikono kangapo popanda katundu kuti mpweya utuluke, kenaka onaninso mlingo wa oyilo. Oyilo wakale musungeni m'chigubu, asatayidwe kudimba kapena kumtsinje kumene amayi amatunga madzi.

Tikupempha oyendetsa onse kuti mukangoona ndodo yanyowa, muuze mwini thirakitala kapena a komiti tsiku lomwelo, osaopa kuti adzakunenani kuti ndinu mwawononga.