Mmene Madotolo Amapezera Kacirombo ka HPV

Awerengi athu, ambiri a inu munamva za khansa ya khomo la ciberekero, nthenda imene yatha amai oculuka m'dziko lathu lino la Malawi. Gwero lake ndi kacirombo kamene dzina lake ndi HPV. Anatsimikiza zimenezi ndi dotolo wa ku Germany, Harald zur Hausen, amene anapeza mtundu wa 16 m'caka ca 1983 ndi wa 18 m'caka ca 1984.

Mitundu ya kacirombo kameneka ipitirira 200, koma oyeza amalondola 14 yokha imene iri yoopsa. Mwa amai 10 ogwidwa ndi khansayi, pafupi 7 awadwalitsa ndi 16 kapena 18.

Tsono kapezeka bwanji, pakuti sikaoneka pa maikulosikopu wamba, ndiponso sikamera m'mbale za ku labotale monga tizirombo tina? Madotolo amafuna DNA yake, ndiko kuti malembo a cibadwa cake. Namwino amapala pang'ono pa khomo la ciberekero ndi kaburashi, kapena mai amadzitengera yekha ndi kathonje, nazitsekera m'kabotolo.

Njira ina, Hybrid Capture 2, njothira tizidutswa ta RNA timene tigwirana ndi DNA ya mitundu 13. Zikagwirana, pamaoneka kuwala kumene makina amayeza. Njirayi iulula kuti mdani alimo, koma sinena kuti ndi uti.

Yoposa ndi PCR. Makina amatenthetsa ndi kuziziritsa madziwo mobwereza, kotero kuti kadutswa ka DNA kasanduka tiwiri, tiwiri tisanduka tinai, mpaka tikwana mamiliyoni. Pakuti mtundu uliwonse uli ndi malembo akeake, oyeza amaikamo zizindikiro zogwira mtundu umene anazipangira, ciriconse ndi kuwala kwake. Umo ndimo adziwira kuti uyu ndi 16, uyo ndi wina. Makina a GeneXpert, omwe aja oyezera makhololo a cifuwa cacikuru, amatha nchitoyi pa ola limodzi. Amaonetsa 16 payekha, 18 ndi 45 pamodzi, otsalawo m'magulu. Cipatala ca Nkhoma cinayesa njirayi pa amai a kuno kwathu. Ubwino wake ngwakuti mai wocokera kutali angamve zotsatira tsiku lomwelo, asanakwere njinga yobwerera.

Koma mvetsani ici, makamaka inu akatekisti amene anthu amakufunsani: kupezeka ndi HPV sikutanthauza khansa ai. Mwa ambiri thupi limakacotsa lokha zisanathe zaka 2. Coopsa ndi kacirombo kokhalitsa. Nci cifukwa cake mai wotere amamuyezanso ndi viniga, ndipo akaona banga loyera amalioca lisanakule.

M'caka ca 2021 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti amai ayambe kuyezetsa HPV ali ndi zaka 30, nabwereze pakapita zaka 5 kufikira 10. Amene ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25, nabwereze pakapita zaka 3 kufikira 5.