Kwadi ya alamu anga inadya mchenga

Alamu anga atalandira ndalama zopumira pantchito, tinawalangiza kuti amalize nyumba yawo ku Dambwa. Anakana. Anati ku Livingstone ndalama zili m'matumba a alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo mlendo akatopa ndi kuyang'ana madzi amafuna kwadi, njinga yamoto ya mawilo anayi ija, kuti akathamange m'tinjira ta kutchire cha ku Mukuni. Pa Facebook anaonapo Yamaha Raptor 700 yakale, yabuluu, yonyezimira ngati yachotsedwa m'katoni dzulo.

Tsiku lokaiona ndinawaperekeza. Tinapeza mwiniwake ataitsuka mpaka matayala, injini ili yotentha kale. Anati amaiyesa kuti tisataye nthawi. Atangodina batani, inalira. Alamu anazungulira bwalo kawiri, mano onse pamtunda, ndalama n'kupereka. Ine ndinangosisita mpando ndi kuyamikira utoto, choncho mlanduwu ukundikhudzanso.

Mwezi usanathe, m'mawa inayamba kukana kulira. Ikalira, utsi wabuluu kumbuyo, oyilo akutsika tsiku ndi tsiku. Makaniko wina wachikulire wa ku Maramba sanafunse zambiri. Anachotsa mpando, natsegula bokosi la fyuluta ya mphepo, n'kupisa chala m'paipi yopita ku injini. Chalacho chinatuluka ndi fumbi lokhakhala.

"Bambo, injiniyi yadya mchenga, ndipo sinayambe kwa inu," anatero. "Munagula mkuyu wokoma kunja."

Anatifotokozera kuti fyuluta ya njinga zimenezi ndi siponji. Imafuna kuchapidwa, kuumitsidwa, kenako kupakidwa mafuta ake omata, chifukwa mafutawo ndi amene amagwira fumbi. Siponji youma imangolidutsitsa. Ndiye dera la Livingstone lili ndi mchenga wa Kalahari, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala kumauma gwa. Makwadi akamayenda mondondozana, ya kumbuyo imameza fumbi lonse la anzake. Fumbilo limanola maringi, silinda ndi mavalavu pang'onopang'ono, popanda phokoso lochenjeza. Raptor ili ndi silinda imodzi yokha ya 686cc. Ikatha imeneyo, palibe ina yoithandiza.

Nanga kutentha kwa injini tsiku lija? Makanikoyo anangoseka. Injini yotha imadziulula ikakhala yozizira: imavuta kulira ndipo imatulutsa utsi. Ikatenthedwa pasadakhale, imabisa matenda ake kwa ola limodzi, lokwanira kuwerenga ndalama. Iye akafuna kugula, amapita mbandakucha asanauze mwiniwake, amagwira injini ndi dzanja, amayang'ana m'bokosi la fyuluta, kenako amagwedeza mawilo ndi kukoka tcheni kuti amve ngati mabeyaringi ndi masiproketi atha.

Masipeya ake sanapezeke m'tauni. Anayenera kuitanitsa ku Johannesburg, adutse Botswana, awoloke pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, kenako msonkho wa ZRA pamwamba. Alamu atamva mtengo wa zonse, anagula maringi okha, zina n'kuzisiya. Pomwe kaphukusiko kamafika, mvula inali itagwa, alendo atachepa.

Chinawapweteka kwambiri n'china. Raptor ndi njinga ya mpikisano, ya kilachi ya pamanja ndi magiya asanu. Mlendo amene sanakwerepo njinga yamoto sangaiyendetse, n'chifukwa chake obwereketsa kwa alendo amakonda makwadi ofatsa, osintha okha magiya. Ngakhale injiniyo ikanakhala yatsopano, alamu analibe woibwereka.

Kwadiyo yakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi inayi, nkhuku za achemwali zikugona pampando. Loweruka lapitali ndinafika m'mamawa n'kupeza alamu ali ndi ndowa ndi sopo, kwadi ikunyezimira, injini ikulira pansipansi. Anati kukubwera mnyamata wina wa ku Libuyu kudzaiona cha m'ma 9 koloko.