Kuphunzitsa Mawu a Chakudya ndi a Ntchito za Tsiku ndi Tsiku: Chitsanzo cha Chitetumu

Ambiri a ife tinaiŵala kale mmene mwana amamvera pamene mphunzitsi ayamba kumulankhula m'chinenero chimene sanachimvepo. Pa chifukwa chimenechi tasankha Chitetumu, chinenero chachilendo kwa ife tonse, kuti tibwerere pa mpando wa mwana wa Sitandade 1 ndi kuona njira yoyenera yophunzitsira mawu atsopano.

Chitetumu chimalankhulidwa ku Timor-Leste, dziko limene lili kum'maŵa kwa chilumba cha Timor, kumpoto kwa Australia. Dzikoli linali m'manja mwa Apwitikizi kufikira 1975, kenaka m'manja mwa Indonesia kufikira 1999. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 2002 anaika Chitetumu ndi Chipwitikizi kukhala zinenero za boma. Komabe ana ambiri amakula akulankhula zinenero zina, monga Fataluku ku Lospalos ndi Baikenu ku Oecusse. Motero mphunzitsi wa kumeneko ali ndi ntchito yofanana ndi ya mnzathu amene walandira mwana wodziŵa Chiyao kapena Chitumbuka chokha.

Chinthu choyamba, dzina pambuyo

Njira imene imatikopa tonse ndiyo kulemba mndandanda pa bolodi: *han*, kudya, *hemu*, kumwa, *bee*, madzi, *ikan*, nsomba, *na'an*, nyama, *masin*, mchere, *batar*, chimanga. Ana amaloŵeza, ndipo mphunzitsi amakhutira. Koma mndandanda wotere umabisa chinthu chachikulu: zinenero sizigaŵa zinthu mofanana.

Titenge mpunga. Ife timautcha dzina limodzi, kaya uli m'munda, m'thumba kapena m'mbale. Chitetumu chili ndi mayina atatu. *Hare* ndi mpunga wa m'munda kapena wosapuntha, *foos* ndi wopuntha koma wosaphika, ndipo *etu* ndi wophika. Mwana amene anangoloŵeza kuti *etu* ndi mpunga adzatumidwa kukagula thumba la *foos*, iye n'kukapempha wophika. Ifenso timatero ndi chimanga, mphale, ufa ndi nsima, ndipo mlendo wopempha chimanga pamene akufuna nsima adzapatsidwa chimene sanafune.

Choncho mphunzitsi abwere ndi mbale zitatu m'kalasi. Ana aone, agwire, anunkhize, ndipo dzina lililonse alimve dzanja lili pa chinthucho. Pamene zinenero zikugwirizana, mphunzitsi asataye mwayi. Liwu lakuti *modo* limatanthauza masamba, komanso chilichonse chophika chodyera *etu*, monga momwe ife timagwiritsira ntchito liwu lakuti ndiwo. *Matabixu*, chakudya cham'maŵa, ndi liwu lochokera ku Chipwitikizi limene abale athu a ku Tete ndi Angónia amalidziŵa kale.

Mawu atsate dzuŵa

Mawu a ntchito za tsiku aphunzitsidwe m'dongosolo limene mwana amazichitira. *Dadeer*, m'maŵa, mwana adzuke, *hadeer*, asambe, *hariis*, apite kusukulu, *bá eskola*. *Lokraik*, dzuŵa litapendeka, abwerere kunyumba, *fila ba uma*, aphike, *te'in*. *Kalan*, usiku, agone, *toba*. Aliyense achite ndi thupi lake chimene akunenacho. Mwana akaiŵala liwu, dongosolo la tsiku lidzamukumbutsa.

M'Chitetumu cha ku Dili, likulu la dziko, mneni sasintha monga amasinthira m'Chicheŵa. Timati *ha'u han*, ndimadya. *Nia han*, amadya. *Sira han*, iwo amadya. Nthaŵi imaonetsedwa ndi timawu tapadera. *Ha'u han ona* ndiko kuti ndadya kale; *ha'u seidauk han*, sindinadye; *aban ha'u sei han ikan*, maŵa ndidzadya nsomba. Timawu titatu timeneti, *ona*, *seidauk* ndi *sei*, tikwanira kusandutsa mndandanda kukhala kukambirana.

Ndondomeko ya phunziro la mphindi 30

1. Mphunzitsi aonetse zinthu zosapitirira 8, natchule dzina lililonse katatu. Ana angomvetsera.
2. Mphunzitsi atchule dzina, mwana akagwire chinthucho. Pano tiyesa kumva, osati kulankhula.
3. Ana atchule mawu, poyamba onse pamodzi, kenaka m'magulu, pomaliza mmodzimmodzi.
4. Ana afunsane aŵiriaŵiri: *Ita han ona ka seidauk?* Mwadya kapena simunadye? Mphunzitsi afotokoze kuti *Ita* ndi liwu laulemu monga inu, pamene *ó* ndi iwe, loyenera mwana kapena mnzako wapamtima.
5. Mawu alembedwe pa bolodi pomaliza, ana atawamva ndi kuwalankhula.

Phunziro lathu lidzakhala litapindula ngati mwana amene ludzu lamugwira angathe kuimika dzanja ndi kunena kuti, *Ha'u hamrook, ha'u hakarak hemu bee*, ndili ndi ludzu, ndifuna kumwa madzi. Mwana woloŵeza mawu 20 koma wolephera kupempha madzi sitinamuphunzitse chinenero.

Ntchito

Konzani phunziro lotere m'Chicheŵa, la ana amene kwawo amalankhula chinenero china. Sankhani chakudya chimodzi chokhala ndi mayina angapo, ndipo mutchule zipangizo zimene mudzabwere nazo m'kalasi.