PHUNZIRO 6: MUNTHU AKAFA ATAVULALA PA NTCHITO

Cholinga

Tidziwe kuti bokosi ndi ufa zimene olemba ntchito amapereka pa maliro si chipukuta misozi chimene lamulo likunena.

Tione zimene zimachitika

Kuno ku Dedza ambiri timadya za thukuta: kucheka matabwa m'nkhalango ya Chongoni, kuswa miyala, kumanga nyumba, kukweza matumba a mbatatesi m'malole ku Bembeke. Tiyerekeze kuti bambo wina wagwa pa lole ya abwana ake akumangirira matabwa. Wagona m'chipatala masabata atatu, kenaka watisiya. Abwana atumiza bokosi, galimoto ndi matumba awiri a ufa. Anamfedwa athokoza, nkhani yathera kumanda. Sukulu itatsegulidwa, ana asowa fizi.

Abwanawa achita zaumunthu, sitikukana. Koma ngongole yao sanabweze.

Lamulo likuti chiyani?

Ndime 31 ya Malamulo a dziko lino a 1994 imapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa ndi pamalo otetezeka. Lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000 ndilo limafotokoza za chipukuta misozi. Tigwirepo mfundo zinai.

1. Ngozi ikachitika chifukwa cha ntchito, munthu ali pa ntchitoyo, wolemba ntchito ayenera kulipira. Banja silifunika kusonyeza kuti abwana ndiwo analakwa.

2. Sikuti munthu achite kufera pomwepo ai. Chofunika ndi umboni wa dokotala wakuti imfayo yadza chifukwa cha kuvulala kuja.

3. Ngati anasiya anthu amene amadalira malipiro ake pa zonse, chipukuta misozi ndi malipiro a miyezi 42. Amene amalandira K100,000 pa mwezi, banja lake liyenera kulandira K4,200,000.

4. Ndalamazi ndi za amene amadalira malemuwo, monga mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi makolo amene iye amawasamala. Si za aliyense amene wabwera kudzakhala pa siwa. Tikumbukenso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda chuma cha amasiye ndi mlandu.

Tichite chiyani?

Choyamba, tsiku lomwe ngozi yachitika tidziwitse olemba ntchito. Tilembe tsiku, malo ndi maina a amene anaona.

Chachiwiri, kuchipatala tinene poyera kuti munthuyu wavulalira pa ntchito, kuti zilembedwe m'buku lake. Ena amabisa poopa kuti wodwala achotsedwa ntchito, ndipo pambuyo pake umboni umasowa.

Chachitatu, tisunge buku la kuchipatala, kalata ya imfa, lipoti la apolisi ngati inali ngozi ya pamseu, ndi kapepala kalikonse koonetsa malipiro. Ngati panalibe kalata ya ntchito, anzake ogwira nao ntchito angathe kuchitira umboni.

Chachinai, tipite ku ofesi ya Leba pa boma la Dedza. Iwo amatumiza nkhani kwa Komishonala wa chipukuta misozi, amene ofesi yake imawerengera ndalama zoyenera. Tisadikire kumeta kapena chiliza, pakuti lamulo limafuna kuti dandaulo lifike isanathe miyezi 12 chimwalirireni munthu.

Chachisanu, tisasaine kapena kudinda chala pa pepala lonena kuti nkhani yatha tisanafunse a Leba. Safunsa anadya phula. Olemba ntchito akakana kulipira, nkhani ingathe kupita ku khoti, ndipo osauka angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Nafenso tili ndi udindo

Tisaloze chala makampani okha. Ena mwa ife tili ndi chigayo, lole kapena sitolo, ndipo parishi yomwe imalemba alonda ndi amisiri. Kodi tinawagulira zodzitetezera? Kodi tinawadulira inshuwalansi, kuti tsoka litagwa tisagulitse munda kapena kuthawa amasiye? Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti munthu wogwira ntchito ndi wofunika koposa chuma chimene ntchitoyo imabala. Choncho kulipira chipukuta misozi si chifundo ai, ndi chilungamo.

Mafunso okambirana mu Mphakati

Tiyambe tawerenga Deuteronomo 24:14-15.

1. Kodi m'mudzi mwathu muli banja limene linataya munthu pa ntchito koma silinalandire kanthu? Papita miyezi ingati?
2. N'chifukwa chiyani ambiri timaopa kufunsa abwana za chipukuta misozi?
3. Ndani mwa ife angaperekeze mai wamasiye ku ofesi ya Leba sabata lino, ndipo ya thiransipoti tiipeza bwanji?